Akazi pa ntchito zaumisiri: chitseko chinatsekuka kalekale, nanga bwanji sakukhalitsa?

M'chaka cha 1978 boma la America linauza makampani omanga amene amapatsidwa ntchito za boma kuti ayambe kulemba akazi, ndipo linawaikira mlingo: pofika 1981, pa maola 100 alionse ogwiridwa pamalo omanga, maola 6.9 akhale a akazi. Sunali mlingo woti munthu n'kuusowera tulo. Koma zaka zoposa 40 zinadutsa, lamulo limene linabala mlingowo linafafanizidwa mu Januwale 2025, dzikolo lisanaufikepo ndi kamodzi komwe. Lero, mwa amisiri 100 ogwira zipangizo m'manja pamalo omanga kumeneko, akazi amakhala pafupifupi 4. Ku Britain n'kocheperanso, mmodzi kapena awiri. Mukamva kuti akazi alipo 11 kapena 15 pa 100 alionse m'makampani omanga, dziwani kuti awerengera limodzi a muofesi, osunga ndalama ndi ojambula mapulani. Woyala njerwa, wokhoma denga, wolumikiza mawaya, akadali mwamuna pafupifupi kulikonse.

Chodabwitsa n'chakuti chiwerengerochi sichisuntha. M'zaka zomwezi akazi analowa udokotala ndi uloya, ntchito zimene nazonso ankati n'zachimuna, moti m'mayiko ambiri lero theka la ophunzira udokotala, kwina kuposa pamenepo, ndi akazi. Ku ukalipentala, umakaniko, upulambala, zamagetsi ndi zowotcherera zinthu zangoima nji. Akazi amalowa ndithu. Chaka ndi chaka masukulu a ntchito zamanja amajambula atsikana atavala ovolosi n'kuika zithunzizo pa makalendala, koma mukadzabwerera patatha zaka zisanu, ochuluka mwa iwo simuwapeza. Chimawatulutsa n'chiyani?

Yankho limene limafika msanga pakamwa ndi la mphamvu. Tisanamizane, kusiyana kulipo: mwamuna wamba ali ndi nyonga zambiri m'manja ndi m'mapewa kuposa mkazi wamba. Koma taonani amene amasenza katundu. Ku India akazi mamiliyoni amagwira ntchito pamalo omanga, ndipo ntchito yawo ndi kusenza njerwa, mchenga ndi konkire pamutu, kukwera nazo m'mwamba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Amene amalandira njerwazo n'kuziyala pakhoma, ntchito yopepukirapo koma ya malipiro abwino, ndi mwamuna. Mnyamata amene wayamba kusenza tsiku limodzi ndi mayiyo amadzakhala mmisiri pakapita zaka zingapo, pamene mayiyo amakalamba akusenzabe. Bungwe la SEWA, la akazi odzilemba okha ntchito, limene Ela Bhatt anayambitsa ku Ahmedabad mu 1972, linafika potsegula sukulu yakeyake yophunzitsa akazi kumanga, poona kuti pamalo a ntchito palibe amene adzawagwiritse mpeni womangira. Komanso kulemera kwa katundu amasankha ndi anthu. Ku Britain ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya thumba la simenti analichepetsa kuchoka pa makilogalamu 50 kufika pa 25, ndipo sanachite zimenezi pokomera akazi. Misana ya amuna ndiyo inkatha.

Nkhondo nayo inayankhapo kale funso la mphamvuli. Amuna atapita kukamenya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, akazi anawotcherera sitima zapamadzi ndi kumanga ndege, moti mu 1943, mwa anthu 100 ogwira ntchito yopanga ndege ku America, 65 anali akazi. Kampani ya Kaiser, imene inkapanga sitima ku Portland, inamanga malo osungirako ana pakhomo penipeni pa fakitale, otsegula usana ndi usiku, chifukwa inkafuna amayiwo afike pantchito. Pamene sitima zinkafunika mwachangu, vuto la ana linapeza yankho m'miyezi yochepa. Mlatho wa Waterloo ku London unamangidwa nthawi yomweyo, ndipo akazi ambiri anagwira nawo ntchitoyo. Pousegulira mu Disembala 1945, nduna Herbert Morrison inathokoza amuna amene anaumanga. Panatenga zaka 70 kuti mbiri ya mlathowo m'mabuku a boma itchule akaziwo. Nkhondo itatha anawabweza kunyumba, monga zinachitikiranso itatha nkhondo yoyamba, pamene Britain inachita kukhazikitsa lamulo mu 1919 lobwezera ntchito za m'mafakitale kwa amuna.

Malamulo oletsa akazi ntchito zina ali ndi mbiri yaitali, ndipo nthawi zonse amabwera atavala malaya a chifundo. Britain inaletsa akazi kulowa pansi pa migodi mu 1842. Zimene zinkachitika m'migodimo zinali zoopsadi, koma mankhwala ake anakhala kuchotsa akazi n'kusiya ngozi ili pomwepo. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linafalitsa chiletso chomwechi kumayiko ambiri kudzera m'pangano la mu 1935. South Africa inachichotsa mu 1996. Russia inali ndi mndandanda wa ntchito 456 zoletsedwa kwa akazi, ndipo Svetlana Medvedeva, amene anaphunzira kuyendetsa sitima zapamtsinje ku Samara koma n'kukanizidwa ntchito, anakadandaula mpaka ku komiti ya United Nations, imene inamuikira kumbuyo mu 2016. Mndandandawo anaudula kufika pa 100 kuyambira 2021. Mu 2018 World Bank inapeza kuti mayiko 104 anali adakali ndi malamulo oletsa akazi ntchito zina. Komabe malamulo paokha safotokoza nkhani yonse, popeza m'mayiko amene anawachotsa kalekale chiwerengero chikadali pansi.

Luso limachoka m'dzanja kupita m'dzanja

Kusiyana kwa udokotala ndi umisiri kuli pa njira imene luso limadutsa. Wophunzira udokotala ali ndi ndondomeko yolembedwa, mayeso ofanana kwa aliyense, ndipo akakhoza palibe angamulande. Umisiri umaphunziridwa pantchito. Ku America wophunzira amathera maola pafupifupi 2,000 pachaka ali pamalo a ntchito, ndi maola 144 okha m'kalasi. Ku Germany amakhala masiku atatu kapena anayi pamlungu kukampani, tsiku limodzi kapena awiri kusukulu. M'mayiko ambiri osauka kalasi kulibiretu, munthu amangodziphatika kwa mmisiri pagalaja kapena pashedi mpaka atadziwa. Kulikonseko gawo lalikulu la luso lili m'manja mwa munthu wina, amene angafune kulipereka kapena kulimana.

Tiyang'ane pafupi mmene munthu amaphunzirira kuwotcherera. Buku lidzakuuzani kuti pakati pa nsonga ya lodi ndi chitsulo pakhale mpata wofanana ndi kunenepa kwa lodiyo. Kudziwa zimenezi sikukufikitsani patali. Mukatsitsa chigoba kumaso kumagwa mdima, dzanja limanjenjemera, lodi imakakamira pachitsulo, ndipo mukaikoka imatalikira, moto n'kuyamba kuthetheka paliponse. Lodi imafupika pamene ikupsa, choncho dzanja liyenera kumatsika pang'onopang'ono uku likuyenda cham'mbali, maso ali pa chitsulo chosungunuka chimene chikutsatira nsongayo. Mmisiri wakale amadziwa ndi khutu kuti mwatalikitsa, ngakhale atakufulatirani. Ndiye amabwera, amaima kumbuyo kwanu, amakugwirani pamkono n'kuyendetsa dzanja lanu mpaka thupi litamva liwiro loyenera. Pakatha milungu, tsiku lina makoko akuda a pamwamba pa msoko amayamba kusendeka okha, pansi pake pali mzere wosalala. N'chimodzimodzi makaniko amene amamva m'dzanja kuti bawuti yatsala pang'ono kuduka, kapena kalipentala amene amayang'ana thabwa n'kudziwa mbali imene lidzapindikire likauma. Zonsezi munthu amachita kuonetsedwa.

Tsopano tiyerekeze kuti wophunzirayo ndi mtsikana wa zaka 19, mmisiriyo ndi bambo wapabanja, ndipo anthu 20 akuonerera. Bambo wodzilemekeza amaopa mphekesera, ndiye amafotokoza ali chapatali, mwinanso osafotokoza n'komwe. Wopanda khalidwe amaona mwayi. Uku ndi uku woluza ndi mtsikanayo.

Koma chida chachikulu chili m'manja mwa kapitawo, m'mawa uliwonse akamagawa ntchito. Mnyamata watsopano amamutumiza kukathandiza amene akumasula giyabokosi. Mtsikana amamva kuti, "Achemwali, inu sungani makiyi a sitolo," kapena amapatsidwa tsache, burashi ya penti, mbendera yoimitsira magalimoto, buku lolembamo amene afika mochedwa. Akayesa kunyamula chitsulo, wina amathamanga: "Bweretsani kuno, mungavulale." Ambiri mwa amuna amenewa alibe chiwembu, ena amaona ngati akumusamala ngati mlongo wawo, ndipo ine ndimaona kuti chifundo chimenechi chathamangitsa akazi ochuluka kuposa mwano, chifukwa mwano munthu amatha kuuloza, pamene chifundo sungakachinenere kwa bwana. Zaka zitatu kapena zinayi zikatha, mtsikana uja ali ndi satifiketi yofanana ndi ya anzake, koma manja ake sanagwirepo theka la zimene anzakewo agwira. Ntchito ikachepa, woyamba kuchotsedwa ndi iyeyo, ndipo kapitawo sakunama akamati sadziwa zambiri. Onse amagwedeza mutu kuti tinanena ife, ndipo mtsikana wotsatira amafika pamalo pamene chigamulo chake chinaperekedwa kale.

Malipiro amathira mafuta pamoto. Kumene anthu amalipidwa malinga ndi kuchuluka kwa zimene gulu lachita, monga mmene zilili ndi bonasi m'migodi yambiri, wophunzira aliyense ndi chipsinjo, chifukwa ola limene mmisiri wathera pophunzitsa ndi ndalama yotayika. Munthu amalolera kutaya ndalama imeneyi chifukwa cha mwana wake, mphwake, kapena mnyamata amene akumukumbutsa za iye mwini ali wamng'ono. Ntchito nazonso zimayenda m'njira yomweyo. Nyumba ikatha kumangidwa gulu limabalalika, ndipo ntchito yotsatira imabwera pafoni, kuchokera kwa mnzako amene munacheza naye mutaweruka. Mkazi amene amathamangira kunyumba, kapena amene sangakhale nawo pamalo ochezerawo popanda kunenedwa, samva n'komwe kuti kwinakwake akufuna anthu.

Kukhala wekha pakati pa amuna

Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Rosabeth Moss Kanter anafotokoza mu 1977 zimene zimachitika gulu lina likakhala lochepera 15 pa 100 pamalo a ntchito. Munthu wa gulu lochepalo amasiya kuonedwa ngati iye mwini, amasanduka chitsanzo cha mtundu wake wonse. Mnyamata akadula paipi molakwika, walakwitsa ndi iyeyo. Mtsikana akadula molakwika, akazi satha ntchito: nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Choncho amagwira ntchito maso onse ali pa iye, amaopa kufunsa funso limene wophunzira aliyense amafunsa, ndipo wosafunsa saphunzira. Akachita bwino kwambiri amamuuza kuti iye ndi wosiyana ndi akazi ena, mawu omveka ngati chiyamikiro koma otsekera pakhomo onse obwera pambuyo.

Aliyense watsopano amayesedwa pantchito zimenezi, mwamuna yemwe. Amamutuma chipangizo chimene kulibe, amamupatsa dzina lachipongwe, amamuseka. Kwa mwamuna mayesowa amatha, tsiku lina amangozindikira kuti walowa m'gulu. Kwa mkazi amayambiranso pamalo alionse atsopano, ngakhale atagwira ntchitoyo zaka 15, ndipo kawirikawiri amakhotera ku thupi lake. Akaseka nawo nthabwala zolaula, mawa zimakula. Akakwiya, ndi wovuta.

Nkhanza zimenezi zili ndi mbiri yolembedwa. Lois Jenson anayamba ntchito pa mgodi wa Eveleth ku Minnesota mu 1975, m'gulu la akazi oyamba. Mlandu umene iye ndi anzake anasuma mu 1988 unali woyamba ku America woti akazi asumire kampani monga gulu pa nkhani ya kuzunzidwa kokhudza kugonana, ndipo unatha mu 1998, kampani italipira madola 3.5 miliyoni kwa akazi 15. Mu 2022 kampani yamigodi ya Rio Tinto inatulutsa lipoti limene inachita kuitanitsa yokha: akazi 28 pa 100 alionse anati anachitidwapo zachipongwe zokhudza kugonana, ndipo akazi 21 anati m'zaka zisanu zapitazo anagwiriridwa, kapena wina anayesa kuwagwirira kapena kuwachita zachisembwere mowakakamiza. Ku Rustenburg ku South Africa, mayi wina wogwira ntchito mu mgodi wa platinum anaphedwa pansi pa mgodi mu 2012, ali pantchito.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasiyanitsa nkhanza za pamalo otere ndi za muofesi. Moyo wa mmisiri uli m'manja mwa anzake. Wina wagwira makwerero, wina wazimitsa magetsi n'kukhoma loko pa switchi, wina akupereka zizindikiro kwa woyendetsa kireni pamene iwe uli pansi pa katundu. Mkazi akaganiza zokanena mnzake kwa akuluakulu, amawerengeranso kuti mawa adzakwera makwerero ogwiridwa ndi ndani. Ambiri amasankha kukhala chete, kenako amachoka mwakachetechete, ndipo m'mabuku a kampani mumalembedwa kuti anasiya yekha. ILO inavomereza pangano la nambala 190 loletsa nkhanza ndi chipongwe pantchito mu 2019, koma pangano limagwira ntchito m'dziko limene lalisainira n'kuliika m'malamulo ake, ndipo ngakhale pamenepo silifika msanga pagalaja ya anthu asanu.

Zovala, chimbudzi ndi mimba

Zovala zodzitetezera zinapangidwa poyeza thupi la mwamuna, ndipo mkazi amangopatsidwa saizi yaing'ono ya zomwezo. Thupi la mkazi si la mwamuna wamfupi. Golovesi yotsala kunsonga za zala imakodwa mu girayinda kapena m'makina ozungulira n'kukoka dzanja lonse. Jombo yaikulu imapunthwitsa munthu ali pamwamba. Chophimba pamphuno chimene sichinagwire bwino nkhope yaing'ono chimalowetsa fumbi m'mbali, wovalayo akuganiza kuti ndi wotetezeka. Malamba oteteza munthu akagwa kuchokera pamwamba amadutsa pachifuwa ndi m'chiuno, malo enieni amene matupi awiriwa amasiyana. Lipoti la bungwe la mabungwe a apantchito ku Britain, TUC, la mu 2017, linasonyeza kuti akazi 29 okha pa 100 ndiwo ankavala zopangidwira akazi, ndipo 57 pa 100 anati zovalazo zimawasokoneza pantchito. America inachita kulemba m'malamulo a chitetezo pamalo omanga kuti chovala chizimukwana wovala, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2025. Ngakhale NASA, bungwe la America loona za maulendo a m'mlengalenga, ndi ndalama zake zonse, linalephera kutulutsa akazi awiri limodzi kunja kwa chombo cha m'mlengalenga mu Malichi 2019 chifukwa chovala cha saizi yapakati chimene chinali chokonzeka chinali chimodzi. Christina Koch ndi Jessica Meir anadzatuluka mu Okutobala chaka chomwecho.

Za chimbudzi anthu amazitenga ngati nkhani yaing'ono mpaka atavala ovolosi yolumikizana kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Mwamuna amatsegula zipi, wathana nazo. Mkazi ayenera kuvula malamba, jekete ndi ovolosi yonse mpaka m'mawondo, m'kachimbudzi kamene mwina loko wake anathyoka, kopanda madzi osamba m'manja, kopanda potaya zimene wagwiritsa ntchito ali kumwezi. Kumene kulibe chimbudzi n'komwe, njira imene akazi ambiri amapeza ndi kusamwa madzi tsiku lonse, pantchito ya thukuta, ndipo mapeto ake ndi matenda a chikhodzodzo ndi chizungulire pamalo pamene chizungulire chimapha.

Mimba ndiyo imadula ambiri, chifukwa zaka zophunzira ntchito ndi zomwezonso zimene akazi ambiri amayamba kubereka. Ngozi zake n'zenizeni: mtovu, utsi wa zowotcherera, mankhwala osungunulira penti, kunyamula zolemera, kugwa. Makampani ena anaona kuti njira yachidule ndi kuchotsa akazi. Kampani ya Johnson Controls, imene nthawi imeneyo inkapanga mabatire, inaletsa mkazi aliyense amene angathe kubereka kugwira ntchito pamene pali mtovu, pokhapokha atabweretsa kalata ya dokotala yoti sangaberekenso. Khothi lalikulu la America linagamula mu 1991 kuti kumeneko n'kusala, ndipo linakumbutsa kuti mtovu umawononganso mphamvu yobereka ya amuna, amene kampaniyo sinawaletse. Njira ina inaoneka mu 2017, pamene bungwe la amisiri omanga ndi zitsulo ku America linayamba kulipira mamembala ake oyembekezera mpaka miyezi 6 asanachire ndi milungu 6 mpaka 8 atachira. Anawerengera kuti kutaya mmisiri amene waphunzitsidwa zaka zinayi n'kokwera mtengo kuposa kumusunga. Pangano la ILO la mu 2000 limati tchuthi cha uchembere chisachepere milungu 14, koma amisiri ambiri padziko lapansi ndi aganyu, olipidwa patsiku, ndipo waganyu akapanda kubwera malo ake amalowa wina m'mawa womwewo. Mwana akabadwa pamabweranso vuto la nthawi: ntchito yomanga imayamba mbandakucha, malo osungirako ana asanatsegule, ndipo malo antchitowo amasuntha miyezi ingapo iliyonse.

Nanga akulimbiranji?

Ndalama. Ofufuza a World Bank anayerekezera akazi a mabizinesi ang'onoang'ono ku Uganda, ena a ntchito zozolowereka monga kusoka, kukonza tsitsi ndi kuphika, ena amene anawolokera ku zitsulo, ukalipentala ndi zamagetsi. Owolokawo ankapeza ndalama zofanana ndi amuna a ntchito zomwezo, pafupifupi katatu kuposa akazi anzawo amene sanawoloke. Ambiri mwa osawolokawo sankadziwa n'komwe kuti pali kusiyana kotere, ankaganiza kuti amapeza zofanana kapena zoposa. Ndipo chimene chinasiyanitsa magulu awiriwa kwenikweni sichinali sukulu kapena mpamba. Owolokawo kawirikawiri anali ndi mwamuna wina, bambo, m'bale kapena mnansi, amene anawalowetsa m'ntchitoyo ali aang'ono n'kuwaonetsa kagwiridwe kake. Akazi ena amene anaona zimenezi anaganiza zokhala iwowo munthu wolowetsa anzake. Sandra Aguebor, amene amadziwika kuti ndi makaniko wamkazi woyamba ku Nigeria, anayambitsa Lady Mechanic Initiative mu 2004 kuti atsikana aphunzire kukonza magalimoto. Ku Tilonia ku India, Barefoot College imatenga amayi akumudzi, ambiri osadziwa kuwerenga, ochokera m'mayiko osiyanasiyana kuphatikizapo a mu Africa, n'kuwaphunzitsa kwa miyezi 6 kulumikiza ndi kukonza magetsi a dzuwa.

Wodzilemba yekha ntchito amathawa kapitawo koma amakumana ndi kasitomala, amene amafika pagalaja n'kumufunsa mwini wake kuti, "Abwana ali kuti?" Ena amafuna mtengo wotsika poti wagwira ndi mkazi. Koma palinso makasitomala, makamaka amayi okhala okha ndi okalamba, amene mtima umakhala m'malo akadziwa kuti wobwera kudzakonza mpope m'bafa ndi mkazi, ndipo mapulambala ndi amagetsi ena aakazi amanga bizinesi yonse pa anthu amenewa.

Kumene chiwerengero chinasunthadi, sichinasunthe ndi zithunzi za pa kalendala. M'chigawo cha Massachusetts ku America, pomanga nyumba ziwiri zikuluzikulu za juga ku Springfield ndi ku Everett, bungwe la boma loyang'anira ntchitoyo linkaitana makontilakita mwezi ndi mwezi kuti adzawerenge pagulu maola amene akazi agwira, kampani ndi kampani. Ntchito zonse ziwiri zinapyola mlingo uja wa maola 6.9 pa 100, ndipo patapita zaka zochepa akazi anafika pa 10 mwa ophunzira 100 alionse m'mabungwe a amisiri omanga a m'chigawocho. South Africa inaika mlingo wa 10 pa 100 m'migodi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ndipo inadzaupyola. Mlingo uli ndi msampha wake, chifukwa kampani ikhoza kuukwanitsa polemba akazi ogwira mbendera ndi osesa, n'chifukwa chake kuwerenga mitu kokha sikukwanira. Chofunika kuwerenga ndi ntchito zimene wophunzira wagwira. Buku limene mmisiri amasainira kuti wophunzira uyu wamasula injini, wayala khoma la pakona, walumikiza bokosi la magetsi, limachotsa nkhaniyi m'manja mwa chifundo cha kapitawo. Likakhala lopanda kanthu pakatha miyezi 6, wofunsidwa amakhala kapitawoyo. Kutumiza akazi awiri kapena atatu pamalo amodzi, m'malo momwaza mmodzimmodzi kuti kampani iliyonse ioneke bwino, kumathandizanso kwambiri.

Mtsikana amene akuganiza zolowa ntchito zimenezi angachite bwino kufunsa mafunso asanasaine chilichonse. Za malipiro aliyense amafunsa. Ofunika kwambiri ndi ena: wophunzira wa chaka chachiwiri pano amagwira ntchito zanji, ndipo ndani amalemba zimene wagwira? Alipo mkazi amene anamaliza maphunziro ake pano, ndipo ali kuti lero? Ngati yankho ndi lakuti analipo mmodzi koma anasiya yekha, apemphe nambala yake ya foni, amve mbali yake.